Chipewa cha pa Okushoni

4 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula ndi kusita nsalu za mu hotela muno, zimene sizitha ngakhale utazipempherera. Ndalemba kalata chifukwa foni yanu ija ndi yongolemeretsa thumba. Ndikaimba mumangoti "ndili pa ntchito," kumbuyo kukulira makina odulira zitsulo, kenako mwadula.

Katoni imene ndapatsira adalaivala a basi ndi yanu. Muli chipewa chowotcherera, chovala kumutu, osati chishango chanu chogwira pamanja chija munachimanga ndi waya. Galasi lake n'lanzeru. Limakhala loyera, inu n'kumaona bwinobwino pamene mukulozetsa ndodo yowotcherera, ndiye moto ukangothetheka limada lokha. Manja onse awiri amakhala pa ntchito.

Mufunsa kuti ndachitha bwanji. Khalani pansi ndikuuzeni. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda anandionetsa msika wa okushoni wa pa intaneti. Munthu amaika chithunzi cha katundu wake, anthu n'kumapikisana kutchula mtengo pa foni, nthawi ikatha amene watchula wapamwamba ndiye watenga. Chipewa ngati ichi ndinkangochiyang'ana pawindo la sitolo, mtengo wake wa anthu ena. Koma pamenepo chinayambira pansi penipeni. Ndinalimbana ndi munthu wina wosamudziwa pa nthawi ya nkhomaliro, nditabisala kuseri kwa makina ochapira. Iye akakweza, ine n'kukweza. Nditapambana ndinakuwa mpaka akapitawo anabwera chothamanga, kuyesa ndapsa ndi simbi.

Musaope, wogulitsayo ndi wodalirika. Ali ndi nyenyezi zisanu, kutanthauza kuti amene anagulako kwa iye amamuyamikira. Akuti akutseka sitolo, n'chifukwa chake akungotaya katundu.

Ndikupempheni ziwiri. Choyamba, chishango chakale chija chichoke. Ndikudziwa kuti ndi chimene chinandiphunzitsa sukulu bambo atatisiya, koma chakalamba, ndipo mukachigwira mumaoneka ngati munthu wobisalira mvula ndi chivindikiro cha poto. Ndikadzachipeza tidzayambana. Chachiwiri, alamu akujambuleni mutavala chatsopanochi anditumizire.

Ine mlongo wanu,
Mzime


21 Febuluwale

Mzime,

Kalata yako ndi katoni zafika. Tonse tili bwino, wamng'ono anali ndi chifuwa koma wachira. Alamu ako akupereka moni.

Iwe mwana, wandisandutsa chionetsero. Tsiku loyamba kuvala, wokonza njinga, wometa ndi mayi wogulitsa makala onse anasiya ntchito kudzaonerera. Wometa akuti ndikuoneka ngati wopita kumwezi. Aliyense amafuna kuvalako, ine ndinati ayi, ichi n'cha mlongo wanga, kauzeni alongo anu akugulireni.

Za chishango ndamvera. Kutaya kunandikanika, ndiye ndampatsa Chimtali, mnzanga uja tinkawotcherera limodzi. Wapita kutali kokamanga milatho ndipo analibe chake. Sudzachipeza, usabwere ndi ndewu.

Chipewa chako chabwera ndi mwayi. Ndapeza ntchito yaikulu, zitseko, mawindo ndi geti ya nyumba yogonamo ophunzira imene akumanga kumtunda kwa msika. Mwini wake ndi munthu wothamanga magazi, akufuna zonse zithe ana asanabwere. Ndikumawotcherera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndi manja awiri zikuyenda ngati ndabwerera ku unyamata.

Kamodzi kokha. Galasilo limada mochedwa pang'ono, ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Moto umayamba wandipatsa moni m'maso, kenako ndiye lida. Mwina sindinadziwe potembenuza kabatani kake, poti kapepala ka malangizo kalembedwa m'chinenero chimene ngakhale aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe agwira pakamwa. Ndizolowera.

Za msika wakowo sindikuzimvetsa. Ine chitsulo ndimagula nditachigogoda n'kumva kulira kwake. Koma wophunzira ndiwe. Chachikulu usamalizire malipiro ako pa ife. Ubwera liti? Ana ayamba kuiwala kuti ali ndi azakhali.

Ine mlongo wako


16 Malichi

Achimwene,

Moni kwa nonse. Chithunzi ndachilandira, ndaseka mpaka misozi. Wometa sananame. Ndachiika pamwamba pa foni, aliyense kuntchito wachiona, atopa nane. Tchuthi changa chili mu Juni, ndidzabwera.

Pali kanthu kakundisowetsa mtendere, koma musandiseke. Kwa wogulitsa yemwe uja ndinapambananso nsapato za alamu. Pachithunzi zinali zachikopa. Zitafika ndinati ndiyeseko, kuchoka pabedi kufika pakhomo, chidendene n'kutsala pakati pa chipinda. Mkati mwake muli katoni yopaka utoto. Ndati ndimulembere mwini wake, ndapeza tsamba lake palibe, wazimiririka ndi nyenyezi zake zonse. Mnzanga akuti anthu oterewa nyenyezi amadzipatsa okha pogwiritsa ntchito maina ambirimbiri, zithunzi n'kumaba za masitolo enieni. Akutinso mwina munthu ndinkalimbana naye pa mtengo uja anali iye yemweyo, kundikwezera dala.

Odandaula ndi ambiri pa msikapo. Wina mafuta onunkhira anapeza ndi madzi, wina chaja inamuphulikira. Wina walemba za chipewa ngati chanucho, akuti chinamupweteka maso. Koma kalembedwe kake ndi ka munthu wokonda kudandaula, ndipo ogulitsa amaipitsirana mbiri okhaokha.

Chanucho n'chosiyana, ndikudziwa. Chinabwera m'katoni yakeyake, chidindo chili pompo, pulasitiki yosang'ambika. Za kuchedwa kuda zija, kabatani mwakapeza? Chikugwira bwino eti? Ndiuzeni kuti chikugwira bwino, achimwene. Nsapato ndilibe nazo ntchito. Koma chipewacho ndi chinthu choyamba chimene ndakugulirani chibadwire, inu amene munapsa manja zaka zonsezi kuti ine ndikhale pa desiki. Chitakhala chabodza ndingafe ndi manyazi. Sindingathenso kukuyang'anani kumaso.

Yankhani msanga.

Ine mlongo wanu,
Mzime


3 Epulo

Mzime,

Tili bwino. Chipewa chikugwira bwino kwambiri. Kabatani ndinakapeza. Usamvere za anthu.

Mawindo atha, ndayamba zitseko. Geti ndiye yomaliza.

Ukhululuke zilembo zikuluzikulu, cholembera n'choipa ndipo ndikulembera pabondo. Nsapato zisakudwalitse, alamu ako ali nazo zina. Uzigona tulo.

Ine mlongo wako


28 Meyi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli moyo, poti kuno sindikumva kanthu. Ine ndili bwino, ngati pali amene akufuna kudziwa.

Makalata awiri ndalemba osayankhidwa. Adalaivala a basi ndawafunsa mpaka ayamba kundizemba. Ndikaimba foni amayankha ndi alamu, mawu awiri okha, "atanganidwa," basi. Kalata yanu yomaliza ija inali ya mizere ingati? Zilembo ngati za pa chikwangwani cha sitolo, ina kukwera phiri ina kutsika. Munthu amene munkandikwapula ndi rula chifukwa cholemba mokhota, lero mukundilembera ngati mukuthamangitsa ntchentche.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndalakwa chiyani. Ngati ndi zoti ndinanyoza chishango chanu, kunali kucheza. Ngati alamu akwiya kuti nsapato sizinafike, auzeni kuti ndawapambanira chikwama kwa wogulitsa wina, ameneyu ndamufufuza bwino. Kapena ntchito yaikuluyo yakukwezani, tsopano ife osita nsalu za anthu tachepa? Nenani poyera, ndine wamkulu.

Kuno si kofewa monga mukuganizira. Chipinda chathu chikudontha pamwamba pa bedi langa, akapitawo asintha abwera ankhanza, ndipo ndikaweruka chimene chimandisangalatsa ndi chithunzi chanu chija basi. Zikundiwawa, achimwene.

Akapitawo akufuna anthu ogwira ntchito pa tchuthi. Ndinakana poti ndinalonjeza kubwera, koma dzulo ndalembetsa dzina. Sindingakwere basi tsiku lonse kudzakhala mlendo wosafunika. Mukandifuna mukudziwa kumene ndili.

Mzime


12 Juni

Alamu,

Ndine mkazi wa achimwene anu. Moni ndikupatsani, koma zoti tili bwino sindilemba, chifukwa bodza latikwana m'nyumba muno. Andiletsa kukulemberani. Kalata yanu ya mu Meyi ndinawawerengera ndine, poti okha sangathenso, ndipo nditafika pa mawu oti ntchito yawakweza anatuluka panja. Ine ndiye ndapsa mtima, ndipo mundimva.

Chipewa chanu chawawotcha maso.

Zinayamba sabata yomwe chinafika. Ankadzuka maso ali psu, misozi ili chuchuchu, akuti muli ngati mwathiridwa mchenga. Owotcherera zimawachitikira akaphonya, ndiye ankaika nsalu yonyowa ndi timapisi ta mbatata yosaphika, n'kupita ku ntchito. Koma izi zinali za tsiku ndi tsiku. Ndikafunsa ankati ndi utsi wa zitsulo. Ndinati gulani chishango china, sichidula. Anavomera. Tsiku limene ankati akagule ndi limene inafika kalata yanu ya mu Malichi. Anaiwerenga kawiri n'kuipinda. Kenako anatenga chipewa chija pa msomali n'kumapita. Ndinawatsatira mpaka pamsewu ndikulankhula. Anandiyankha kuti, "Msewu wonse ukudziwa kuti ndi cha Mzime. Ndikachivula, wometa akhala ndi nkhani ya chaka, ndipo mwanayo akabwera mu Juni adzaimva. Ntchito ikatha ndidzachipachika mwakachetechete." Anayamba kumatsinzina poyatsa moto, kuyesa kuti akuchenjerera galasi.

Inu mumawadziwa. Munthu amene anakana kupita kuchipatala chala chitatsala pang'ono kuduka, ine ndikanamuletsa ndi chiyani?

Ndinadziwa kuti zafika poipa tsiku limene mwana wathu wamkulu anapita ku shedi kumene amawotcherera akuchokera ku sukulu. Anaima pakhomo, bambo ake anamuyang'ana n'kunena kuti, "Tikuthandizeni chiyani, mayi?" Mwana anabwera kunyumba akulira. Geti ija anaimaliza, koma mahinjesi anawawotcherera mophonya, inakana kutsekeka. Mwini nyumba anabwera ndi anthu ake, kuinyamula kupita nayo kwa wina, mawu amene ananena sindingawalembe. Achimwene anu anangoima chipewa chili m'manja.

Kuchipatala cha maso adokotala anati tibweretse chipewacho. Anachiunika ndi nyali yawo n'kupukusa mutu. Akuti moto wowotcherera uli ndi kuwala kwina kosaoneka, ndipo kumeneko ndi kumene kumawotcha. Galasi lenileni limakutchinga nthawi zonse, lade lisade. Ili ndi pulasitiki wamba, limangoda kuti munthu akhulupirire. Akuti kudako ndiye kunaonjeza, chifukwa mumdima diso limatseguka kwambiri, moto n'kumalowa momasuka. Mkati mwa maso muli zipsera, pakati penipeni. Lamanja pakati pafa. Lamanzere lili ndi kadontho, ndipo sakulonjeza kuti kaima pomwepo. Mankhwala atipatsa a ululu okha. Ndinafunsa za opaleshoni, anati chipsera sachapa.

Shedi ndi yotseka. Ndayamba kugulitsa zovala zakale pakhonde. Iwo amakhala pampando kuseri kwa nyumba, kumene kulibe dzuwa, akusisita zala.

Sindikuti munachita dala. Ndikudziwa munagula ndi mtima wabwino. Koma munamva kuti wina chamupweteka maso, ndipo m'malo moti muwauze kuti vulani, munawapempha kuti akutonthozeni. Anakutonthozani. Chikwama chanucho musatumize.

Ine mlamu wanu


1 Julaye

Alamu,

Kalata yanu ndinaiwerengera m'chipinda chositira, nsalu ya anthu n'kupsa ndili chiimire. Palibe mawu amene mwalemba amene ndingakane. Munthu uja analemba poyera kuti chinamupweteka maso. Ndinawerenga, ndinamva, ndiye ndinamutcha wodandaula chifukwa ndinkafuna chipewa changa chikhale chenicheni. Ndikanangoimba foni n'kunena mawu amodzi.

Ndalembera eni msika uja. Munthu sumuona, umangolemba m'kabokosi. Andiyankha mwaulemu kwambiri kuti apepesa, wogulitsayo anamuchotsa kale, iwo amangokumanitsa anthu, katundu si wawo. Akuti nditumize chipewacho ndi katoni yake, andibwezera zimene ndinalipira. Ndinawalembera kuti nanga maso? Yankho linabwera lomwe lija, liwu ndi liwu. Dzulo mnzanga wandionetsa chipewa chomwecho, chithunzi chomwecho, wogulitsa wa dzina lina, nyenyezi zisanu. Anthu akupikisana. Ndalemba pamenepo zonse zimene zatichitikira, koma ndikudziwa mmene aziwerengere, poti inenso ndinawerengapo za wina.

Ndapita ku sitolo ija ndinkayang'ana pawindo. Ndagula chenicheni, ndachigwira ndi manja, wogulitsa wachiyesa ndikuona. Chili ndi adalaivala a basi. Ndikudziwa kuti ndi uchitsiru, koma sindinadziwe china chochita ndi manja angawa. Kuyambira mwezi uno, za sukulu ya ana zikhala kwa ine, musakane.

Kubwera sindingathe. Ndinapita kukagula tikiti, ndinafika pawindo n'kubwerera. Ndidzalowa bwanji pakhomo? Ndidzakhala pati? Mwana amene anatchedwa mayi ndi bambo ake adzandipatsa moni wotani? Achimwene muwauze kuti asandikhululukire msanga, sindingakwanitse kuzilandira. Chithunzi chija ndachichotsa pa foni, kenako ndachibwezeretsa.

Kalatayi musawawerengere ngati mukuona kuti iwapweteka.

Ine mlamu wanu,
Mzime


19 Julaye

Mzime,

Ndikulankhula ndine, akulemba ndi alamu ako, ndiye zilembo zikakhala zokongola usadabwe. Andiwerengera kalata yako yonse. Anafuna kudumpha mizere ina koma ndinawagwira, poti akadumpha amayamba atsokomola.

Kuno tilipo. Wamng'ono wakhoza mayeso. Mphepo yawononga pakhonde pamene alamu ako amayala zovala, tikonza.

Chipewa chafika. Ndachipapasa paliponse. N'cholemera, lamba wake ndi wofewa, ndipo ukachigogoda chimalira mosiyana. Wasankha bwino. Ndinachivala kamodzi m'nyumba, ana anaseka. Chimtali wabwerako ku milatho, ndamupatsa shedi kuti azigwiriramo, tizigawana. Chipewacho akuvala ndi iye. Wabweranso ndi chishango changa chakale, waya wake ali pompo. Wachipachika pa msomali. Ndimapita m'mawa kukakhala pakhomo, kumvetsera. Moto ukamalira ndimadziwa ngati ndodo waitalikitsa, ndimamukalipira, iye amandiyankha zachipongwe. Tsiku limatha choncho. Sindikunamiza, n'zowawa. Manja akadali ndi mphamvu zonse, koma alibe kopita.

Alamu ako anakulembera ali ndi moto. Ndawauza, ndipo akulemba izi akundiyang'ana moipa, ndikumva. Iwe unagula chipewa. Amene ankachivala m'mawa uliwonse, maso akuwotcha, anali munthu wa zaka zambiri pa ntchito imeneyi, wodziwa bwino lomwe kuti moto suchita nthabwala. Iwe unaopa manyazi, ine ndinaopa manyazi ako. Wakuba uja sanatidziwe n'komwe. Za kukhululuka usandiikire nthawi, si iwe kapitawo wanga.

Tsopano mvera. Sabata yatha tinapitanso kwa adokotala. Kadontho ka kumanzere kakula pang'ono. Akuti mwina kaima, mwina ayi, iwonso sakudziwa. Ndiye ndikukupempha chinthu chimodzi, ndipo chibadwire sindinakupemphepo kanthu. Usatumizenso katoni. Adalaivala a basi abweretse iweyo. Papita zaka ziwiri ndisanakuone, ndipo alamu ako akuti pachithunzi chako cha pa foni wanenepa masaya. Ndikufuna ndidzionere ndekha kukadali kotheka. Usadikire tchuthi china.

Unalemba kuti sungathenso kundiyang'ana kumaso. Vuto limenelo ndakulanda, tsopano ndi langa. Ndikalunjika munthu ndimaona makutu ndi mapewa, pakati pali mtambo. Kuti ndione nkhope ndimayenera kutembenukira kumbali, ngati munthu wonyanyala. Ana azolowera, koma alendo amakhumudwa. Ndiye ndikukuuziratu, poti ndimakudziwa ndi mtima wakowo, ungabwerere pakhomo. Ukadzalowa n'kundipatsa moni, ine n'kutembenukira kukhoma, usadzathawe. Udzaime pomwepo, usasunthe. Ndidzakhala ndikukuyang'ana.

Ine mlongo wako